Oud: mafuta otchezedwa kuchokera mu mtengo wovulala

Tsiku limene ndinanunkhiza mafuta enieni a oud koyamba ndinaganiza kuti mnzanga amugulitsa zowola. Anali atangofika kuchokera ku Dubai kumene amagwira ntchito, ndipo m'thumba la malaya anatulutsa kabotolo kochepa kuposa chala, kokulunga m'kansalu ngati mankhwala a kwa sing'anga. Chotsekera chake chinali ndi kandodo kagalasi. Anandikhudza nako kuseri kwa dzanja kamodzi kokha, pakhungu n'kutsala kadontho kakuda, konanda ngati uchi.

Ndinanunkhiza. Khola la mbuzi mvula itangokata. Chikopa chonyowa. Chapatali, chambiko chogonetsa.

"Achimwene, ndalama zanu zalowa m'madzi," ndinatero.

"Inu kuseri kwa dzanjako musafikitseko sopo," anayankha akuseka. "Tikambirana madzulo."

Pofika madzulo khola lija linali litasamuka. Panatsala fungo la utsi wa nkhuni zouma, uchi, ndi kena kake kotsekemera ngati zipatso zoyanika padzuwa. Mawa lake linali likumvekabe pa mkono wa malaya. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti khola lija linachokera kuti, chifukwa mtengo pawokha sununkha mbuzi. Yankho lake lili m'njira imene mafutawo amachotsedwera mu thabwa. Fungo limene ogula amalitcha oud silichokera mu mtengo lonse. Mbali ina imabadwira mumgolo ndi mumphika wa wotcheza.

Mtengo wake kuno kwathu kulibe. Akatswiri a zomera amautcha Aquilaria, ndipo uli ndi mbale wake wotchedwa Gyrinops. Umamera kuyambira kumpoto chakummawa kwa India ndi ku Bangladesh, kudutsa Myanmar, Thailand, Laos, Cambodia, Vietnam ndi kummwera kwa China, mpaka ku Malaysia, Indonesia ndi New Guinea. Ukakhala wathanzi ndi mtengo wachabechabe. Thabwa lake ndi loyera, lofewa, lopepuka, lopanda fungo lililonse, loti kalipentala sangalicheukire n'komwe.

Zinthu zimasintha ukavulala. Nthambi ikathyoka ndi mphepo, kapena mbozi ikaboola thunthu monga achitira kapuchi ndi phesi la chimanga, pabalapo pamalowa tizilombo ta mtundu wa chuku. Podziteteza, mtengowo umatulutsa utomoni umene umalowerera mu thabwa mozungulira balalo. Zaka zikamapita utomoni umachuluka, thabwa limada ndi kulemera, mpaka lina ukaliponya m'madzi limamira. Mpake Atchaina amalitcha chenxiang ndipo Ajapani amati jinkō, mayina awiri otanthauza fungo lomira. Aluya amati oud, a ku Malaysia ndi Indonesia amati gaharu, ku India ndi Bangladesh amati agar. M'nkhalango mitengo yambiri imakula mpaka kufa osapanga utomoniwu. Odziwa amati mwina umodzi mwa khumi ndi umene umakhala nawo.

Thabwa labwino sililowa mumphika

Mtengo ukadulidwa, anthu amakhala pansi ndi timatchizo tokhota, kusema zoyera zonse kuti patsale zakuda zokha. Ndi ntchito ya masiku, yofuna maso akuthwa ndi mtima wodekha. Zidutswa zakuda bii zimaikidwa pambali. Zimenezo ndi zogulitsa momwe zililimo, pa sikelo, kwa anthu a ku Saudi Arabia, Kuwait, Qatar ndi United Arab Emirates amene amaziika pa makala amoto pofukiza zovala ndi polandira alendo. Ku Japan safuna n'komwe utsi: amakwirira khala m'phulusa, n'kuika kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga pamwamba kuti kangotenthedwa. Ku Nara, m'nyumba yosungira chuma chakale ya Shōsōin, muli chipika chotchedwa Ranjatai cholemera makilogalamu 11.6. Anthu ochepa okha ndi amene anadulako, monga mtsogoleri wa nkhondo Oda Nobunaga mu 1574 ndi Mfumu Meiji mu 1877, ndipo malo amene anadulawo anaikapo timapepala tosonyeza. Palibe amene angalote zoponya thabwa lotero m'madzi owira.

Zopita kumphika ndi zotsala: tizipalo togwa posema, thabwa lamawangamawanga lokhala ndi utomoni pang'ono, ndi mitengo ya m'minda imene sinakhwime mokwanira kuti igulitsidwe ngati yofukiza. Chifukwa chimodzi ndi cha ndalama, pakuti thabwa lakuda limagula bwino lili louma kuposa mafuta ochepa amene lingatulutse. Chifukwa china chili mu utomoni momwemo.

Mu utomoniwu muli magulu awiri akuluakulu a zinthu zonunkhira. Loyamba akatswiri amalitcha sesquiterpenes, ndipo ena mwa mayina a m'gululi ndi agarofuran, agarospirol ndi jinkoh-eremol. Izi zimatha kuuluka ndi nthunzi, ngakhale monyinyirika. Gulu lachiwiri ndi la ma chromones, olemera kwambiri moti nthunzi siwanyamula. Amenewa amatulutsa fungo lawo pokhapokha thabwa likatenthedwa pamoto. Choncho munthu wotcheza, ngakhale waluso chotani, amasiya gulu lachiwirili pansi pa mphika. Mafuta a oud ndi utsi wa oud ndi apachibale, koma nkhope zawo n'zosiyana.

Wina angafunse kuti bwanji osangofinya monga tichitira ndi mpendadzuwa, kapena kusinja ndi kuwiritsa n'kuyengula pamwamba monga agogo ankayengera mafuta a nsatsi. Mbewu zimenezo mafuta ake ndi ochuluka, ndipo sauluka. Mu thabwa la agar mafuta ndi ochepa kwambiri, omatirira mkati mwa timitsempha ta mtengo pamodzi ndi utomoni. Ukafinya supeza kanthu. Ukawiritsa mumphika wosavundikira, kochepa kamene kalipoko kamathawa ndi nthunzi. Nzeru yake ndi kugwira nthunziyo.

Mumgolo

Thabwa losankhidwa limawazidwa tizidutswa, kuyanikidwa, kenako kugayidwa mpaka kukhala ngati utuchi. Kugaya kuli ndi malire ake. Likakhala lamisere nthunzi silowa mkati, likasalala ngati ufa woyera limagwirana pansi pa mphika n'kupserera ngati nsima ya mwana wongophunzira kumene.

Utuchiwo amauthira m'migolo n'kuumiza m'madzi. Ena amaviika masiku ochepa, ena milungu ingapo, ena kupitirira mwezi. Cholinga choyambirira n'chosavuta kumva: madzi afewetse thabwa kuti timitsempha take titseguke, mafuta asavute kutuluka. Komatu aliyense amene anaviikapo mphale kapena chinangwa akudziwa chimene chimachitika chinthu chikakhalitsa m'madzi kumalo otentha. Pamwamba pamabwera thovu, madzi amasasa, ndipo fungo limakulonjera usanafike pakhomo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zina za mu thabwamo n'kusiya timaasidi tonunkha, ta mtundu womwe umapezeka mu mkaka wosasa ndi m'thukuta. Tina mwa timeneti timauluka ndi nthunzi n'kukalowa m'mafuta. Khola la mbuzi limene ndinamva padzanja langa, mbali yake yaikulu inachokera pamenepa.

Ku Assam, m'dziko la India, makamaka m'tawuni ya Hojai imene ndi likulu la malondawa, kuviika nthawi yaitali ndi mwambo wakale. N'chimodzimodzinso tsidya lina la malire, ku Barlekha m'boma la Moulvibazar ku Bangladesh. Mafuta ochokera kumeneko ogula amawatcha Hindi, ndipo akuluakulu ambiri a ku Arabia ndi amene anakula nawo. Kwa iwo oud wopanda kafungo ka khola ndi ngati ndiwo zopanda mchere. Ubale wa Hojai ndi mayiko a Aluya si wa dzulo: kampani ya zonunkhira ya Ajmal, imene lero ili ndi likulu ku Dubai, inayambitsidwa mu 1951 ndi Haji Ajmal Ali, mlimi wochokera ku Hojai komweko.

Chakummawa, ku Thailand, Cambodia ndi pachilumba cha Borneo, ambiri amaviika nthawi yochepa, ena amasintha madzi pafupipafupi, ena saviika n'komwe. Mafuta otchedwa Cambodi amadziwika ndi kutsekemera kwa zipatso, a ku Borneo ndi opepuka pamphuno. Mtundu wa mtengo ndi nthaka zili ndi gawo lake pakusiyanaku, sitikana. Koma thabwa la mtengo umodzi mutaligawa pawiri, theka n'kuviika masiku atatu, theka mwezi wathunthu, mudzatulutsa mabotolo awiri oti munthu sangakhulupirire kuti mayi wake ndi mmodzi.

Pali chinthu china chimene otcheza ena amadandaula nacho, ndipo ine ndikuona kuti ali ndi mfundo. Kuviika kwambiri kumabisa umphawi wa thabwa. Thabwa losauka utomoni likawola mokwanira limatulutsa mafuta a fungo lamphamvu, loboola mphuno, ndipo wogula wosadziwa amaganiza kuti mphamvuyo ndiye ubwino. Chimaulula ndi nthawi. Mafuta abwino khola likachoka pamatsala nkhani yaitali, pamene achinyengo khola likachoka padzanja pamatsala khungu basi.

Mumphika

Amene anaonapo amayi akutcheza kachasu kumudzi waona kale makina otchezera oud. Mtsuko uli pamoto, pakamwa pake amatapo kuti nthunzi isathawe, paipi yatuluka n'kudutsa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake botolo likulandira madontho. Zimaseketsa kuti chida chomwecho kwina chimatulutsa chakumwa choledzeretsa, kwina mafuta amene anthu amadzola popita kumzikiti Lachisanu. Ku India mphikawo amautcha deg, chiwiya cholandirira amati bhapka, ndipo ku Kannauj, tawuni yotchuka ndi mafuta onunkhira a maluwa, mpaka lero amamata chivundikiro ndi dongo, paipi yake n'kukhala ya nsungwi.

Utuchi woviika uja umalowa mumphika pamodzi ndi madzi ake kapena ndi madzi atsopano, ndipo apanso wotcheza wasankha fungo. Moto umayatsidwa, wa nkhuni kapena wa gasi. Kusiyana ndi kachasu kumayambira pano. Mowa umawira msanga kuposa madzi, n'chifukwa chake kachasu wa mutu amatsogola ndipo ntchito imatha tsiku lomwelo. Mafuta a agar pawokha sangawire mpaka kutentha kutapitirira madigiri 250, ndipo pofika pamenepo akhala atapserera. Chimene chimawapulumutsa n'chakuti mafuta ndi madzi, pokhala zinthu zosasakanikirana, zikatenthedwa pamodzi zimakankha nthunzi mothandizana, ndipo zimawira kutentha kusanapitirire madigiri 100. Nthunzi ya madzi imabereka mafutawo kumsana n'kuwoloka nawo paipi.

Vuto ndi lakuti katunduyu ndi wolemera, ndiye nthunzi imanyamulako pang'ono zedi pa ulendo uliwonse. Masamba a bulugamu amapereka mafuta awo m'maola ochepa. Agar amafuna masiku, usana ndi usiku moto osazima, ndipo ena amafika milungu iwiri kapena kupitirira. Anthu amagona mosinthana. Madzi akachepa mumphika utuchi umapserera, ndipo fungo la chipsereza likalowa m'mafuta silichokanso. Moto ukakula madzi amasefukira m'paipi ndi zinyalala. Madzi oziziritsa akatentha nthunzi imangodutsa osasanduka madontho, ndalama n'kumauluka anthu akuona. Pofuna kuti madzi asathe, ndiponso kuti mafuta osungunuka m'madzi otuluka aja asatayike, ambiri amalumikiza kapaipi kobweza madziwo mumphika kuti azingozungulira.

Chitsulo cha mphika nacho chimalankhula. Mkuwa umagwira zinthu zina za sulufule zonunkha ngati dzira lowola, motero mafuta otchezedwa mu mkuwa amatuluka ofatsa, otsekemerako. Chitsulo chosachita dzimbiri sichichotsa kanthu, chimapereka fungo monga lilili, ndipo n'chosavuta kutsuka. Ena amaphatikiza, mphika wa mkuwa paipi yachitsulo, kapena mosemphanitsa. Pa nkhaniyi aliyense amayamikira mphika wake.

M'chiwiya cholandirira, mafuta ambiri amayandama ngati kachikopa kopyapyala pamwamba pa madzi, ena amamatirira m'mbali mwa galasi. Amawawengula mosamala tsiku ndi tsiku. Otuluka masiku oyambirira ndi opepuka, owala, a fungo lakuthwa. Akumapeto ndi akuda, onanda. Wotcheza atha kuwasunga padera n'kugulitsa pamitengo yosiyana, kapena kuwasakaniza. Thabwa loyera lopanda utomoni weniweni nalo akaliwiritsa limatulutsa mafuta ena ogwirana ngati phula, amene ku Assam amati boya. Ndi otchipa, ndipo nthawi zambiri amathera posakaniza ndi abwino.

Nanga zonsezi zimabala zingati? Pa thabwa wamba lotchezera, magalamu 1,000 amapereka galamu imodzi kapena awiri a mafuta, nthawi zina osafika. Msika wa oud umayeza ndi muyeso wakale wa ku India wotchedwa tola, umene ndi magalamu 11.66, pafupifupi mamililita 12. Tiwerenge: kuti tola imodzi idzaze pamafunika makilogalamu apakati pa 6 ndi 12 a thabwa. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50, lija timathiramo chimanga, litadzaza kulemera kwake ndi utuchi wa agar, lingatulutse mafuta osadzaza kapu ya tiyi. Kuwonjezera apo nkhuni za milungu iwiri ndi anthu osagona. Mtengo wa kabotolo ka mnzanga kaja unasiya kundidabwitsa.

Mafuta ongochoka mumphika sagulitsidwa. Amakhala ndi timadontho ta madzi ndi fungo la mphika. Amawasefa, n'kuwathira m'mabotolo agalasi osatseka kapena ophimba ndi kansalu, n'kuwaika padzuwa kapena pansi pa nyale kuti chinyezi chichoke. Akapitiriza muyeso, fungo lopepuka lapamwamba limathawa ndipo mafuta amalimba ngati manyuchi. Amalonda ena amachitira dala zimenezi, podziwa kuti ogula ambiri amayesa kunanda ndiko kukalamba. Pambuyo pake amawatsekera m'malo amdima kwa miyezi kapena zaka, ukali wa fungo n'kumatsika pang'onopang'ono.

Ofulumira

Njira yachiwiri imalekanitsa thabwa ndi madzi. Nthunzi imapangidwa mu boyila payokha n'kulowetsedwa pansi pa thanki, kumene imakwera kudutsa tizidutswa toyalidwa pa sefa. Imatha kubwera ndi mphamvu komanso kutentha kopitirira madigiri 100, choncho ntchito imafupika ndipo thanki imodzi imalandira katundu wambiri. Mafakitale ena amaikonda. Kuipa kwake n'kwakuti nthunzi ndi yaulesi ngati madzi a mvula, imatsata podutsa posavuta. Utuchi ukapanda kuyalidwa bwino imaboola njira imodzi n'kusiya mbali zina zosakhudzidwa. Kutentha kukanyanya, fungo losalimba limawonongeka.

Njira zotsalazo sizidalira nthunzi ya madzi, ndipo chifukwa cha chimenecho zimafikira gulu lija limene mphika umasiya pansi. Yakale mwa izo ndi yosungunula ndi mankhwala. Utuchi umamizidwa mu ethanol kapena hexane, mankhwalawo n'kutsuka utomoni wonse, kenako amawauluza kuti patsale phala lakuda. Hexane amawira pa madigiri 69, ethanol pa 78, ndiye kuwachotsa sikufuna moto waukulu. M'malabotale amagwiritsa ntchito chida chagalasi chimene Franz von Soxhlet anakonza mu 1879, chomwe chimazunguliza mankhwala omwewo pa utuchi kambirimbiri. Zotuluka n'zochuluka kuposa za mumphika, koma zimabwera ndi phula, mtundu ndi zina zosanunkhira, ndipo kachidutswa ka mankhwalawo kakatsalira mphuno imadziwa. Opanga zofukiza ndi ofufuza za mankhwala ndi amene amazifuna kwambiri.

Yochititsa chidwi ndi ya mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umachita thovu mu zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mpweyawu ukatenthedwa kupitirira madigiri 31 uku ukupanikizidwa kupitirira mabaa 74, umasanduka chinthu chapakatikati: umalowa paliponse ngati mpweya, koma umasungunula mafuta ngati madzimadzi. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa awiri ndi pang'ono, ndiye mutha kuona kulimba kwa thanki imene ikufunika, poti mafakitale amapanikiza kupitirira pamenepo kutalitali. Mpweyawo umadutsa mu utuchi wouma, n'kunyamula mafuta ndi mbali ya utomoni. Akaumasula umabwerera kukhala mpweya wamba n'kusiya katunduyo m'chiwiya, popanda chotsalira. Ndi luso lomwe amachotsera caffeine mu khofi. Ntchito ya milungu imatha m'maola, thabwa siliviikidwa, silipsa, ndipo zotuluka n'zambiri.

Papepala njirayi yapambana kale. Pamsika nkhani ndi ina. Makina ake ndi odula, ofuna magetsi odalirika ndi amisiri ophunzira, zinthu zimene mwini miphika isanu kuseri kwa nyumba ku Barlekha sangazifikire. Chachikulu n'chakuti mafuta ake amanunkhira ngati thabwa laliwisi longopala kumene, loyera bwino, lopanda khola, lopanda utsi. Kwa wopanga perefyumu ku Paris zimenezo zitha kukhala zabwino. Kwa bambo wa ku Riyadh amene atate ake ankadzola Hindi, botolo limenelo likusowa kanthu, ndipo chosowacho ndi chija chimabadwira mumgolo. Makina anachotsa chimene akatswiri ankachiona ngati chilema, osadziwa kuti ena amalipirira chilema chomwecho.

Ofufuza m'mayunivesite a ku Malaysia, Thailand, Vietnam ndi China akuyesanso zina: kutenthetsa ndi microwave, kugwedeza utuchi ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, kapena kuthira ma enzyme ofewetsa thabwa m'malo moviika milungu. Zonsezi cholinga chake ndi kufupikitsa nthawi ndi kupulumutsa nkhuni. Zambiri zikadali m'malabotale.

Mitengo ya m'munda

Funso la njira lakula chifukwa thabwa lolowa mumphika lasintha. Osaka agar m'nkhalango ankagwetsa mitengo yambirimbiri pofuna kupeza umodzi wokhala ndi utomoni, mpaka mitengoyi inayamba kusowa. Mu 1995 mtundu wa Aquilaria malaccensis unalowa m'ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yakutha, ndipo pamsonkhano wa ku Bangkok mu 2004 mayiko anagwirizana kuikamo mitundu yonse ya Aquilaria ndi Gyrinops. Malonda sanaletsedwe, koma katundu wodutsa malire amafunika chiphaso.

Lero mafuta ambiri amachokera ku mitengo yodzala: m'minda ya ku Trat ku Thailand, ku Hainan ndi Guangdong ku China, ndi m'makomo a anthu ku Golaghat, Jorhat ndi Sivasagar ku Assam, kumene agar amaima kuseri kwa nyumba ngati mango kwathu kuno. Poti mlimi sangadikire mphepo kuti ithyole nthambi, amavulaza mtengo yekha. Ku Bangladesh amakhoma misomali yambirimbiri thunthu lonse, kuyambira pansi mpaka m'mwamba, n'kuisiya zaka zingapo. Kwina amaboola ndi dirilo n'kuthiramo chuku cholimidwa dala kapena mankhwala. Robert Blanchette wa ku University of Minnesota anayesa njira yotere ku Vietnam, ndipo akatswiri a ku China anafalitsa mu 2013 njira yotchedwa Agar-Wit, yolowetsa mankhwala mu mtengo ngati diripi ya kuchipatala kuti ayende ndi madzi a mtengowo mpaka kunthambi.

Utomoni wa zaka ziwiri kapena zitatu sungafanane ndi wa zaka makumi. Ndi wochepa, ndipo fungo lake silizama. Apa ndi pamene wotcheza amayesedwa: awonjezere masiku oviika kuti fungo likule, awiritse nthawi yaitali kuti akokolole dontho lomaliza ngakhale likhale laphula, kapena avomere zochepa koma zoyera. Misomali nayo iyenera kuzulidwa yonse ndi dzimbiri lake kupalidwa thabwa lisanagayidwe.

Pamene pali chinthu chodula chogulitsidwa m'timabotolo, akathyali sasowa. Oud amasungunulidwa ndi boya, ndi mafuta a zomera zina za fungo loyandikira, ngakhale ndi mankhwala opanda fungo ofewetsera pulasitiki, amene amangowonjezera kulemera ndi kunanda. Mphuno yozolowera imagwira zina, koma chotsimikizira ndi makina a mulabotale otchedwa GC-MS, amene amalekanitsa zonse zili m'dontho n'kuzitchula mayina. Za maperefyumu opopera olembedwa kuti oud amene adzaza m'masitolo, ambiri mwa iwo fungo lake ndi lopangidwa m'fakitale, ndipo pamtengo umene amagulitsidwira sizingatheke mwina. Fashoni imeneyi kumayiko a azungu inayamba kukula Yves Saint Laurent atatulutsa M7 mu 2002 ndi Tom Ford atatulutsa Oud Wood mu 2007.

Kabotolo ka mnzanga kaja kanadutsa pabwalo la ndege popanda chiphaso, ndipo sanaphwanye lamulo. Pansi pa CITES munthu amaloledwa kunyamula za iye mwini mafuta osapitirira mamililita 24, omwe ndi matola awiri, tizidutswa ta thabwa tosapitirira kilogalamu imodzi, ndi zingwe ziwiri za mikanda yopempherera, ngakhale dziko lililonse lili ndi ufulu wokhwimitsa kuposa apo.

Mphika ukazizira, pansi pamatsala masese, utuchi wakuda wonyowa umene wawira milungu. Satayidwa. Ma chromones aja nthunzi inalephera kunyamula akadali momwemo, akudikira moto. Amauyanika padzuwa, n'kuusakaniza ndi zomatira, n'kuumba timiyala tofukiza kapena kuumata pa timitengo ta nsungwi. Timitengo tofukiza timene timagulitsidwa m'masitolo a amwenye, ku India amatitcha agarbatti, dzina lochokera ku agar yemweyu, ngakhale tambiri ta masiku ano mulibemo agar ngakhale pang'ono. Ufa wotcheza kalewu malamulo a CITES anauchotsa pa zofuna chiphaso, choncho umayenda m'matumba kupita kwa opanga zofukiza popanda chovuta. Madzi otsala m'chiwiya cholandirira nawo amakhala ndi kafungo, ndipo ena amawasunga kuti aviikire thabwa la ulendo wotsatira.